Maziro Anayi a pa Njinga Yanga

Kachebere, Mchinji
Loweruka, dzuwa litapendeka

Rozina mwana wanga, Nambewe,

Kalata iyi ndikuilemba masana ano iwe utapita kukatsanzika azakhali ako, chifukwa maso anga masiku ano samvana ndi koloboyi. Ndiiika pansi penipeni pa chikwama chako, pamodzi ndi kanthu kena kokulungidwa m'sokosi. Sokosiyo ndi yochapa, usaope. Usaimasule mpaka ufike kumapeto kwa kalatayi. Ndikudziwa kuti waimasula kale, unatengera amayi ako, koma bwezeramo, ukhale ngati sunaone.

Udabwa kuti bambo ako alemba kalata pomwe pakamwa pawo sipatsekeka. Vuto ndi lomwelo. Ndikayamba kulankhula, pofika pakati anthu akuseka, nanenso ndikuseka, ndipo zimene ndimafuna kunena zathawira kudambo. Pepala siliseka. Ndiye upirire nazo zilembo za munthu wa Sitandade 6, zina zagona chagada.

Mawa ukukwera minibasi pa Boma, kenako basi ya ku Blantyre, kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi. Za zovala, za anyamata ndi za mapemphero amayi ako akuuza kale mpaka nkhuku zaloweza. Ine langizo langa ndi limodzi, ndipo ndinaliba kwa iwe.

Ukukumbukira dzinja lija unkakonzekera mayeso a Fomu 4? Mbuzi zonse zinali pazingwe kuti zisadye chimanga cha eni. Yamawanga ija, imene ndinaitcha Matipate chifukwa chosamvera aliyense, ndinaimangirira pachikhomo kuseri kwa khola. Inkakoka chingwe tsiku lonse kufuna udzu wapatali, mpaka inapanga kanjira kozungulira kofiira. Iwe unali pakhonde ndi buku, ukung'ung'udza mawu awiri, disitansi ndi disipulesimenti. Ndinakufunsa ngati ndi mankhwala atsopano a nankafumbwe.

Unati, "Ababa, bwerani ndikuonetseni pa mbuzi yanu yomweyi. Iyambire pamphika wa madzi apo, izungulire chikhomo kamodzi, ibwerere pamphika. Yayenda mtunda wanji?"

Tinayala luzi m'kanjira kaja, tinaliyeza ndi chingwe cha mbuziyo, tinapeza zingwe zisanu ndi chimodzi ndi kachidutswa pamwamba.

"Imeneyo ndiye disitansi," unatero. "Mtunda wonse umene ziboda zaponda. Nanga yasuntha motani kuchoka pamene inayambira?"

Ndinati, "Sinasunthe, ili pamphika pomwepo, ikundiyang'ana mwachipongwe."

"Ndiye disipulesimenti yake ndi ziro. Imeneyi siwerenga thukuta, Ababa. Imangofunsa kuti unayambira pati, tsopano uli pati, mbali iti, ndipo imayeza molunjika ngati chingwe chodulira mizere m'munda."

Kenako unakaima tsidya lina la kanjirako, moyang'anizana ndi mphika. Unati mbuzi ikafika pamenepo yayenda zingwe zitatu ndi kachidutswa, koma yasuntha zingwe ziwiri zokha, poyeza kudutsa pachikhomo. Unatinso pamenepo ndi pamene yatalikira koposa. Ikapitirira, mtunda ukuchulukirabe, koma phazi lililonse likuibweretsa kumphika, ngakhale sinatembenuke.

Ndinaseka, ndinati kani aphunzitsi ako amalandira malipiro chifukwa choonerera mbuzi, ntchito imene ine ndaigwira ulere moyo wanga wonse. Koma kenako kuseka kunandithera, iwe unafunsa kuti chavuta n'chiyani, ndinati ndi dzino. Silinali dzino, mwana wanga. Ndifikako, ndilole ndizungulire kaye monga mwa chikhalidwe changa.

Ndili mkamwini watsopano m'mudzi muno, iwe ndi achimwene ako Maliko musanabadwe, ndinafuna kuonetsa akuchikazi kuti akwatitsa mwana wawo kwa munthu wanzeru. Anzanga ankadutsitsa shuga kupita naye ku Zambia kudzera m'tinjira ta m'tchire, osadzera pachipata. Izi ndikuuza iwe wekha, ndipo ndinalapa kale kwa ansembe. Munthu wina anandilangiza kuti, "Njira ndi yosavuta, ukafika pakaphiri kaja, kakhale kudzanja lako lamanja, uzingoyenda." Ndinanyamuka m'mamawa mwezi wa Juni, nkhungu ili gwa, katundu ali pakaliyala, ndikukankha njinga. Kaphiri ndinakaika kudzanja lamanja monga anandiuzira. Anaiwala kunena kuti pena pake ndiyenera kukasiya. Ine womvera malamulo ndinakasunga kumanja komweko, minga ikundikala, thukuta lili kamukamu, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa pamutu. Nkhungu itayera ndinatulukira m'munda wa mtedza, mayi wina atawerama akukumba. Ndinakonza mawu kuti amveke a ku Chipata, ndinati, "Zikomo amayi, kodi pano ndafika m'Zambia?"

Mayiyo anaweramuka. Anali apongozi anga, agogo ako, amene mwa mwambo sindinkayenera kuonana nawo maso ndi maso. Anandifulatira mwaulemu, nalankhula ndi mtengo wa mango umene unali pamalire. Anati, "Mtengo iwe, uwauze alendowa kuti ku Zambia kuno nkhuku zawo zikutha mtedza wanga." Kuseri kwa mtengowo ndinaona denga la nyumba yanga, amayi ako akuyanika zovala.

Ndiye langizo loyamba ndi limeneli, Rozina, ngakhale ndinati ndili ndi limodzi lokha. Thukuta limanamiza. Ku koleji kuli tiphiri tambiri toti munthu n'kutisunga kumanja chaka chonse: misonkhano, makwaya, anzako okonda kuwerengera pagulu pomwe akungokamba za ena. Udzatopa ndithu, ndipo kutopako kudzakuuza kuti wafika patali. Mwezi ukatha uziima, utulutse chingwe chako cholunjika chija, udzifunse kuti kuchoka pamene ndinayambira ndasuntha motani, ndipo ndalowera kuti. Usadikire kuti akuuze ndi apongozi.

Koma nkhaniyo ili ndi mchira. Kuseri kwa kaphiri kaja, pamene ndinagwa ndi njinga, ndinagwera m'matope nthawi ya chilimwe. Ndinapakumbukira pamalopo. Chaka chotsatira ndinakapempha, ndipo ndi pamene pali dimba lathu lija, la tomato ndi mpiru zimene zakulera iwe. Buku lako likanalemba kuti tsiku limenelo a Mbewe anasuntha ziro, ndipo silikananama. Koma dimbalo ndinalitola mumtunda, m'zingwe zisanu ndi chimodzi zija. Mafunso ndi awiri, mwana wanga, ndipo lililonse lili ndi yankho lake. Cholakwa changa chachikulu chinali kufunsa limodzi lokha, pagulu, kwa munthu amene ankafunika linalo.

Tsopano ndafika padzino lija.

Ndale za matipate zitangobwera, anyamata onse anamva kuti dziko latseguka. Maliko ananyamuka ulendo wa ku Joni. Anatulukira pachipata pomwepa kulowera kumadzulo, Chipata, Lusaka, kenako kumwera. Anakhalako zaka ziwiri. Zinamuvuta, mapepala analibe, ndipo anabwerera pokwera mathiraki a anthu achifundo kudzera ku Tete ndi Dedza, mpaka Lilongwe. Anafika kuno kuchokera kum'mawa, atawonda, atanyamula jumbo imodzi yokhala ndi malaya awiri. Amayi ako analira, anamuphera nkhuku. Ine ndinamugwira chanza ndipo maso anga anali pajumbo.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, anthu anamuzungulira panja pa tchalitchi. Iwe unali Sitandade 8, unatsala kunyumba ndi malungo. Mkulu wina wa mpingo anamufunsa mwa chikondi chabe kuti, "Mwatitengera chiyani ku Joni, a Mbewe aang'ono?" Maliko anatsegula pakamwa, koma ine ndinamudumphira. Ndinati, "Musamuvute mwana wanga, ameneyu ndi dzuwa. Analowera kumadzulo, watulukira kum'mawa. Kungoti dzuwa limabwera ndi kuwala, uyu wabwera ndi jumbo."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba. Ukudziwa mmene kuseka kwa anthu kumandiledzeretsera. Ndikanalekera pomwepo mwina bala likanapola, koma ndinawonjezera. Ndinati, "Mbuzi yanga ya pachingwe nayonso imazungulira, koma iyo imabwerako itakhuta." Pagulupo panali mtsikana amene Maliko anamusiya ndi lonjezo popita. Nayenso anaseka, atabisa nkhope m'chitenje. Maliko anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu woti waponda msomali pamaso pa alendo.

Pobwerera kunyumba amayi ako anati, "Abambo a Maliko, pakamwa panupo padzatithawitsira mwana." Ndinati mwamuna saphedwa ndi nthabwala. Sabata isanathe mudzi wonse unkamutcha Dzuwa. Akatuluka m'nyumba m'mawa, anthu kuchitsime ankati kwacha tsopano. Dzinalo unalimva iwe, koma amene analiyambitsa sunauzidwe. Ndine. Maliko anakhala masabata atatu. Tsiku lina tinapita kudimba, pobwera tinapeza wachoka, jumbo yake ataikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Ikadali pomwepo. Amayi ako amaipukuta fumbi, ine ndimatsegula chitseko mosamala kuti ndisaione. Papita zaka zisanu, kalata palibe.

M'masabata atatu amenewo, Rozina, sindinamufunse funso limodzi la mtunda. Padzanja lake lamanzere panali chipsera chachitali chimene sanapite nacho. Sindikudziwa chinabwera bwanji. Ankayimba motsitsa nyimbo ya chinenero china akamakonza njinga yanga. Sindikudziwa anamuphunzitsa ndani. Anawoloka Zambezi kawiri, popita ndi pobwera, mtsinje umene ine ndinangouona pamapu a kusukulu, ndipo sindinamufunse kuti ndi wotambalala bwanji. Ndinayeza mwana wanga ndi chingwe cholunjika, kuchoka pakhomo langa kufika pakhomo langa, ndinapeza ziro, ndinalengeza pa tchalitchi. Tsiku lija la mbuzi, utanena kuti disipulesimenti siwerenga thukuta, ndinazindikira kuti disipulesimentiyo ndine, yovala chipewa.

Ndiye mvera, Nambewe. Ndakuona mmene wakhala ukupindira zovala sabata ino, nkhope ili gwa ngati wopita kunkhondo. Dzana ndinakumva ukuuza mnzako pachigayo kuti ukakalephera ku koleji sudzapondanso kuno, chifukwa a Mbewe adzakusandutsa nthabwala ya pa bawo. Sunandione, ndinali kuseri kwa matumba. Sindinakwiye, unanena zoona za munthu amene ukumudziwa. Koma ubwere. Ukakhoza, ubwere. Ukalephera mayeso, ubwere. Akakuchotsa, ukadwala, ukalakwitsa cholakwa chimene atsikana amaopa kuuza abambo awo, ubwere ndithu, ndi jumbo kapena wopanda jumbo. Ndidzakulandira pa Boma, ndidzakukweza pakaliyala, ndipo njira yonse ndidzakufunsa za mtunda: unaona chiyani, anakuchitira chifundo ndani, unalira tsiku liti, ku Blantyre tomato amamugulitsa wowola motani. M'manja mwako ndidzayang'anamo mawa lake, kapena osayang'anamo konse. Nthabwala sindingalonjeze kuzisiya, ungaganize kuti bambo ako alowedwa m'malo ndi munthu wina. Koma zidzakhala zoseka ine mwini, ndipo nkhani za ine zilipo zokwana mpaka imfa.

Tsopano masula sokosi ija kachiwiri.

Ndi kawotchi ka njinga yanga, kaja kowerenga mamailosi, kamene kankakhala pateyala lakutsogolo n'kumalira tiki, tiki teyala likamazungulira. Ndinakagula ku Chipata kalekale ndikugulitsa tomato, kuti ndizinyadira anzanga. Nako kanandipusitsapo. Tsiku lina, patatha zaka zambiri, manambala ake onse anafika pa manayini, ndinapalasa pang'ono, ndinangoona maziro anayi ali ndondondo. Ndinakamenya ndi chala, ndinakapemerera, kenako ndinapita kwa a Jere okonza njinga pa Boma ndili wokwiya. Ndinati, "A Jere, kachitsulo aka kafa, kaiwala ntchito yanga yonse, kakuti sindinapiteko kulikonse." A Jere anachotsa magalasi, nandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "A Mbewe, aka sikanafe, kadzaza. Maziro a njinga yatsopano ndi maziro a njinga yanuyi amaoneka ofanana, koma tayang'anani mateyala." Ndinayang'ana. Anali osalala ngati mutu wa a Jere omwewo, ndipo ndinawauza choncho.

Mawu amenewo ndinawamva Maliko asanabwere kuchokera ku Joni. Ndinali nawo m'mutu pa tchalitchi paja. Sindinawagwiritse ntchito, chifukwa sanali oseketsa.

Uone bwino, kalinso pa maziro anayi. Kadzaza kachiwiri mwezi wathawu. Mamailosi omalizawa si a tomato. Ukudziwa kuti Loweruka lililonse ndimapita pa Boma kukagula lezala. Amayi ako ali ndi chitini chodzaza malezala osatsegula, ndipo ndevu zanga ukuzidziwa, ndi zisanu ndi ziwiri, zimametedwa kamodzi pamwezi. Ndimakaima pamene pamatsitsira maminibasi ochokera ku Lilongwe, ndimayang'ana otsika mmodzimmodzi, ndimaseketsa makondakitala kuti asandithamangitse, dzuwa likapendeka ndimapalasa kubwerera ndekha. Kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera, zaka zisanu. Mwa mawerengedwe ako, sindinasunthe. Maziro atatulukira pamlatho waung'ono uja, ndinatsika pomwepo, ndinakamasula, ndinakaika m'thumba kuti kasawerengenso. Lero ndi Loweruka loyamba limene sindinapite, chifukwa cha kalata ino.

Chifukwa chokupatsira ndi ichi. A Tembo, oyendetsa thiraki aja amene amagula tomato wathu akamadikira pachipata, anandiuza kuti anamuona Maliko ku Limbe. Akuti amakonza njinga pansi pa mtengo, chakumunsi kwa msika, kufupi ndi ogulitsa kaunjika. Anamuzindikira ndi chipsera chija komanso ndi makutu, amene ndi anga, pepani nonse awiri. A Tembo anamupatsa moni wa kwathu, iye anayankha, koma atamva dzina la Kachebere anawerama n'kuyamba kupopa teyala lodzaza kale. Amayi ako sindinawauze, ndikuopa kuwapatsa chiyembekezo chimene ndingachiphwanyenso. Ndinafuna kupita ndekha, ndinafika mpaka pogula tikiti. Koma ndikudzidziwa. Ndikamuona, mantha adzandigwira, ndipo ine mantha akandigwira pakamwa pamatuluka nthabwala. Ndingathe kumutaya kachiwiri ndi chiganizo chimodzi.

Usathamangire. Uyambe wakhazikika, udziwe kalasi yako ndi kumene amadyera. Loweruka lina ukapite masana, ndi mnzako, osati wekha. Ukamupeza usamunyengerere, ndipo usaname kuti bambo akudwala, ine ndili bwino moti ndikutopetsa anthu. Ukamupatse moni monga mlongo wake, akuone mmene wakulira. Kenako umufunse za Zambezi. Umufunse za chipsera, ngati afuna kunena. Umvetsere zonse, usunge bwino, chifukwa ngati iye sabwera udzandiuza ndiwe, ndipo ndidzafuna ndimve chilichonse.

Pomaliza umupatse kawotchiko. Ndi wokonza njinga, maziro anayi pa kachitsulo kakale sadzafuna womasulira. Ungomuuza kumene mamailosi omalizawo anapita. Ukatero unene mawu awa monga ndawalembera, usawakometse: bambo akuti analakwa pa tchalitchi paja, analakwa kawiri, ndipo akupepesa. Taona, ndalemba mzere wonse wopanda nthabwala. 

Akakuuza kuti wapita patali kwambiri, kuti sangatembenuke tsopano, umujambulire pansi kanjira ka Matipate, ndiwe mphunzitsi. Umuonetse malo aja atsidya, pamene mbuzi yatalikira koposa. Umuuze zimene unandiuza ine, kuti kuchokera pamenepo safunika kutembenuka ngati wogonja. Angopitirira kuyenda, njira yomweyo imafika pamphika. Koma mawu oti mbuzi usawatchule, unene kuti ndi njinga kapena mwezi. Mbuzi ndinaiwononga kale ine.

Akakana, usamukakamize, ndipo iwe usasenze mlanduwo. Ndi wanga. Iwe ntchito yako ndi kuphunzira, kudya mokwanira, ndi kubwera pa holide. Ubwere, wamva? Ndanena kangati? Amayi ako amati ndikayamba nyimbo sindidziwa potsekera.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi azakhali ako, ndiye ndipinde pepalali usanandipeze ndili ndi maso ofiira ndiyambenso kunamizira dzino. Mawa pokuperekeza ndidzakuseka chifukwa cha nsapato zako zatsopano zolira ngati mbewa, ndipo iwe udzakwiya pang'ono. Undikhululukire, ndi mmene ndimatsanzikira.

Kasikuluu komangira kawotchiko sindinakaike m'sokosi. Ndakasunga ine, m'jumbo ija kuseri kwa chitseko. Umuuze Maliko kuti njinga yanga ikuyenda yosawerenga, ndipo manja anga akalamba, sindingathe kukamangirira ndekha.

Uyende bwino, Nambewe, Mulungu akuwerengere mapazi onse.

Ndine bambo ako, amene anafika ku Zambia m'munda wa apongozi,
Aniseti Mbewe